Mayi Mataipi ndi Mabuku Asanu ndi Awiri Amene Anachedwa

Ine ndayenda, abale anga a m'parishi muno. Ndalowa m'malaibulale otalika katatu kuposa tchalitchi chathu, ndadya ndi anthu a madigiri olemera kuposa mitu yawo. Koma ndikunena osaphethira: wodziwa mbiri ya mabuku a ku Ulaya kuposa Mayi Mataipi, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, sindinamuone. Chonsecho mayiwa anachita kumera imvi asanagwirepo ndi limodzi lomwe la mabukuwo.

Anabadwa oyamba mwa ana asanu ndi mmodzi a mmisiri wosoka nsapato. Kusukulu mutu unkagwira kwambiri. Amayi awo atamwalira pobereka chitsirizira, bambo anawasiyitsa sukulu ali ndi zaka khumi ndi zinayi kuti alere ang'ono awo. Analira sabata imodzi, kenako anabereka khanda kumsana. Masisitere ataona kuti mtsikanayu saphonya Misa ya m'mawa ngakhale mvula igwe ya matalala, anamuphunzitsa kutayipa. Luso limeneli ndi lomwe linawalowetsa ntchito pa koleji yophunzitsa aphunzitsi, m'kachipinda konunkha inki, kopanikizika pakati pa stolo ndi ofesi ya mkulu wa koleji. Pamsomali wa kalendala anapachikapo kolona yawo, ndipo inakhala pamenepo zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Pa kolejipo panali mphunzitsi wachinyamata, wa tayi yofiira, amene ankaphunzitsa mbiri ya zolemba za azungu. Zolemba pamanja zake zinali ngati papalasa nkhuku, ndipo ankatha kuziwerenga ndi Mayi Mataipi okha. Chaka ndi chaka ankawatayipitsa manotsi a nyengo zisanu ndi ziwiri. Zala zawo zinayamba ndi Agiriki ndi Aroma akale, a ndakatulo zazitali za nkhondo ndi masewero a mafumu olimbana ndi tsoka lawo. Zinadutsa m'nyengo yapakati ya ankhondo a pa akavalo, oyera mtima ndi apaulendo opita kumalo oyera. Zinafika pamene azungu anati abadwanso, nayamba kudzitama kuti munthu ndi chinthu chodabwitsa, n'kudzaza mabwalo a zisudzo. Pofika chaka chachitatu mayiwa ankatayipa osayang'ana pepala, ndipo mphunzitsi akasokoneza zaka ankamukonzera mwakachetechete.

Koma manotsi ndi fungo chabe la ndiwo za kwa eni. Iwo ankafuna kulawa. Anapita kwa mkulu wa koleji kukapempha kuti azikhala kumbuyo kwa kalasi.

"Mayi," anatero mkuluyo, "mafunso a mayeso amadutsa m'zala zanu. Mukakhala bwanji pakati pa ophunzira? Anthu adzati chiyani?"

Anapita ku laibulale. Woyang'anira anawaonetsa chikwangwani chonena kuti mabuku ndi a ophunzira ndi aphunzitsi okha. Kusitolo ya mabuku m'tauni kunali a masamu ndi a nyimbo basi. Kukhulupirika kumene kunawapatsa kiyi ya kabati ya mayeso ndi komwenso kunawatsekera zitseko zina zonse.

Mphunzitsi wa tayi uja atamva, anagwira pachifuwa. "Musavutike, mayi. Mabuku amenewa ndi fupa, simungawakukute nokha. Tikatsekera ndikubweretserani limodzi pa nyengo iliyonse, tidzawerengera limodzi."

Anatsekera. Iye anali ndi mapepala ochonga. Anatsekeranso, iye anali ndi ukwati. Kenako ana, kenako maphunziro kunja, kenako udindo. Mayi Mataipi ankakumbutsa kamodzi pachaka, mwaulemu, popereka manotsi. Yankho silinasinthe, mpaka kunyumba dzina lake linasanduka Bambo Tikatsekera. Mng'ono wawo wamasiye, amene ankakhala nawo, amakumbukira kuti mayiwa ankabwerako kokalapa akupukusa mutu.

"Achemwali, inu mumakalapa chiyani sabata ndi sabata?"

"Tchimo langa ndi limodzi, ndipo limavala tayi."

Mayesero ena ankabwera ndi manja awiri. Ophunzira ankadziwa amene amatayipa mayeso. Wina anabweretsa nsalu, wina nsapato. Koma wochenjera kuposa onse anaika patebulo pawo buku lenileni la masewero a Agiriki, nati, "Funso limodzi lokha, mayi." Iwo analiyang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo kuti angaligwire. Kenako anati, "Nyamula, mwananga. Zala izi zimagwira kolona." Tsiku limenelo chakudya chamasana anabwerera nacho kunyumba osachikhudza.

Mkwiyo wawo ankausandutsa ntchito. Ankasesa tchalitchi Loweruka lililonse, ankatayipa nyimbo za kwaya ndi kalata ya parishi ino kwaulere, ndipo ang'ono awo onse anawaphunzitsa mpaka kumaliza. Pamsonkhano wa khonsolo ya parishi, akulu akayamba kukangana, iwo ankanong'oneza woyandikana naye kuti, "Mlembi wathuyu ndi wa nyengo ya nzeru. Aja ankakhulupirira kuti akamunyoza munthu mwaluso m'buku, mawa adzuka atasintha." Woyimbitsa kwaya, amene ankalira pa nyimbo iliyonse, ankamuika m'gulu la olemba a zamumtima, okonda mapiri, mwezi ndi kufa ali anyamata. Ankatero akumwetulira, koma omwe ankawadziwa ankamva njala m'mawu awo.

Makompyuta atabwera, ng'ala nayo inali itabwera m'maso. Anapuma pantchito. Pamwambo wotsanzikana, koleji inapatsa mayi wosaona bwino wotchi ya pakhoma. Mphunzitsi uja, tsopano wa dazi, analankhula mphindi makumi awiri zowayamikira, za mabuku osatchulako.

Panapita zaka zisanu ndi zinayi. Lamulungu lina, potuluka m'Misa atagwira mkono wa mng'ono wawo, anamva mawu akuwapatsa moni pakhomo. Anali Bambo Tikatsekera, atapuma pantchito nawonso, mkazi wawo atamwalira, atayambiranso kupemphera. Mayi Mataipi anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawuwo.

"Ndi inu, aphunzitsi? Kodi kukoleji kuja sanatsekerebe?"

Munthu uja anasowa poponda. Lolemba masana anafika ndi katoni ya mabuku pamutu ngati wogulitsa tomato.

Kuyambira pamenepo, masana alionse kupatula Lamulungu, ankakhala pakhonde, iye akuwerenga, iwo atapinda manja. Ndipo apa m'pamene ndikuti kudzitama kwanga kuja sikunali kwa mowa. Mphunzitsi asanamalize tsamba, iwo anali atadziwa kale kumene wolemba akulowera, ndi chimene nyengo yake inkaopa. Koma sanali ophunzira ofatsa.

"Manotsi anu ankati mfumu iyi inagwa chifukwa cha tsoka. Bodza. Anamuchenjeza katatu. Ndi makani awa, ngati a anthu ena amene ndikuwadziwa."

Wankhondo wa pa kavalo atalapa pa imfa yake, mayiwa anachita chizindikiro cha mtanda. Wolemba wa zamumtima atalira ndi mathithi masamba makumi atatu, anafunsa kuti, "Mnyamatayu alibe ntchito?" Koma atafika pa nyengo ya olemba zenizeni, nkhani zazitali za m'mafakitale, za makalaliki osauka ndi atsikana osiyitsidwa sukulu, anamvetsera mwatcheru masiku atatu. Tsiku lachinayi anati, "Ameneyu anandiona kuti?"

Bukulo linali lonenepa, ndipo thupi la mayiwa linali litayamba kutha. Mphunzitsi anawerengera masiku, nachita mantha kuti safika kumapeto. Tsiku lina anatembenuza masamba angapo pamodzi, mosamala ngati wakuba.

"Bwererani," anatero iwo. "Zaka zonse zija ndimagwira mapepala, ndingalephere kumva kulira kwa masamba asanu ndi limodzi? Manotsi ndinadya okwanira. Mukadumpha, ndiye kuti mukundipatsanso manotsi."

Anabwerera, nawerenga masamba onse amene anadumpha.

Buku lomaliza, la olemba amene anatuluka m'nkhondo zikuluzikulu mitima itasweka, analimvera ali chigonere, mphunzitsi atakhala pampando pafupi ndi khomo la kuchipinda. Nkhani yake inali yoduka-duka, yopanda mutu weniweni, anthu ake akudikira chinthu chosabwera, Mulungu osamutchula. Mng'ono wawo anadandaula kuti zimenezi si zomvera munthu wodwala.

"Asiye," anatero iwo. "Kudikira ndimakudziwa ine. Kusiyana kwake, awa alibe wowadikirira kutsidyako. Tiwaikeko pa kolona ya lero."

Lachisanu m'mawa bambo mfumu anawadzoza mafuta a odwala. Masana mphunzitsi anawerenga masamba khumi ndi anayi otsala, natseka buku. Iwo anapempha kuti awagwiritse. Analisisita chikuto ndi zala zija, nati, "Mwachedwa, aphunzitsi, koma mwafika. Pitani, tchimo langa lija latha." Loweruka dzuwa likutuluka, mng'ono wawo akuyamba kolona, Mayi Mataipi anapuma mpweya wotsiriza mwakachetechete ngati munthu wovundikira makina ake poweruka.

Abale, tiphunzirepo kukhulupirika kosagulika ndi buku, ndi kupirira kosabisa kuti kukuwawa. Ndipo ife a "tikatsekera" tichite manyazi. Pamanda, mphunzitsi uja anakana kulankhula zambiri. Anangotulutsa kapepala kolembedwa ngati papalasa nkhuku, nawerenga: mabuku asanu ndi awiri, masana mazana awiri ndi khumi ndi limodzi, masamba 2,306, osadumphapo ndi limodzi lomwe.