Singano ya a Gerevazio

A Gerevazio a ku Kasina adabwerako ku Joni mu 1970 opanda njinga, opanda suti. Anzawo a kumigodi ankatsika basi ndi mabulangete ndi makina osokera, iwo adatsika atakumbatira galamafoni ya mabatire ndi mbale khumi ndi ziwiri. Akazi awo, a Elena, adangogwira pakamwa. Zaka zinayi pansi pa nthaka, n'kubwera ndi phokoso!

Koma phokosolo lidawapatsa dzina. Ukwati uliwonse mpaka ku Chimbiya unkafuna iwo. Ena magalamafoni adali nawo, koma ovina akangoyamba kuponda, tebulo linkanjenjemera, singano n'kulumpha, nyimbo n'kuduka. Ya a Gerevazio sinkalumpha. Ankadzaza mchenga wa kumtsinje m'bokosi la sopo, pamwamba n'kuyalapo thabwa, ndipo kunsi kwa miyendo inayi ya galamafoni ankaikako tizidutswa todula ku nkhwaira zawo zakutha za tayala. Anthu akamawaseka ankati, "Singano ndi khanda, imafuna kugona pofewa."

Mu 1973 a Timoteyo, wapampando wa chipani m'deralo, adawaitanitsa. Kunkabwera mlendo wamkulu, ndipo a Gerevazio adapatsidwa mbale ya nyimbo yotamanda mtsogoleri wa dziko kuti ilire mlendoyo akamakwera pansanja. Adakondwa mpaka kubwereka jekete. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nsanjayo idali ya matabwa aawisi a paini, ndipo patebulo adayalapo chitenje chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri. A Gerevazio adatulutsa bokosi lawo ndi tizidutswa tawo.

"Mukuchita chiyani, a Gerevazio?" adafunsa a Timoteyo. "Nkhwaira pankhope ya mwini dziko? Moyo wakukwanani?"

"Popanda izi ilumpha, bambo. Kapena ndiikhazike padothi."

"Padothi? Nyimbo imeneyi ichokere pansi ngati ya pamowa? Chotsani zinyalalazi!"

A Gerevazio adaona kuti kukana n'kupalamula, kuvomera n'kupalamulanso. Adachotsa.

Mlendo adali munthu wathupi, ndipo pambuyo pake padali amuna asanu a nsapato zolemera. Atangoponda matabwa, tebulo lidadumpha. Singano idakwekwereza mbale yonse, kweee, nyimbo n'kufera pakati pa dzina la mtsogoleri. Wina kumbuyo adaseka, kenaka bwalo lonse lidati zii.

A Timoteyo adadziwa kuti pagwa munthu, ndiye adafulumira kuloza chala chisadawaloze iwo. "Wachita dala uyu! Anthu a ku Joni sitiwadziwa zomwe adamva kumeneko." N'zochititsa manyazi kuzinena, koma pabwalopo padali mabanja oposa makumi awiri omwe adavinira galamafoniyo pa maukwati awo, ndipo aliyense adayang'ana zala za kumapazi. A Gerevazio adakwezedwa pagalimoto ya apolisi jekete lobwereka lili m'thupi.

Mlandu sudazengedwe. Zaka zitatu a Elena adalima okha mbatata ya kachewere, galamafoni ataikwirira pansi pa chimanga m'nkhokwe. Ngakhale kutchalitchi amayi anzawo ankasiya mpata pabenchi.

A Gerevazio adabwerako kundende mu 1976, mano akutsogolo palibe, ndipo za kumeneko sadauzeko munthu. Chaka chomwecho mwana wawo Bernadetta ankakwatiwa. A Elena adafukula galamafoni, kuipukuta, kugula mabatire, poganiza kuti mwina amuna awo angasekenso.

M'mawa wa ukwatiwo a Gerevazio adaikhazika bwinobwino, mbale n'kuyamba kuzungulira. Adanyamula singano, koma dzanja linkanjenjemera chinjenjemerere. Adaligwira ndi linzake, nalonso chimodzimodzi. Adayesa katatu, katatu konse singano idakanda mbale.

Adayang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Amake Bernadetta," adatero, "tumani munthu akaitane a ng'oma."