Mkono Wosafika pa Khutu

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, ndipo ndi wamng'ono thupi ngati ine. Chaka chimene anakwana msinkhu woyamba sukulu ndinayamba kumuyang'ana mkono. Ndikamamusambitsa ndinkamuuza kuti akweze dzanja lamanja, alidutsitse pamwamba pa mutu, agwire khutu lakumanzere. Iye ankayesa masewera. Zala zake zinkathera m'tsitsi, khutu osalifika, ndipo ankaseka. Ine sindinkaseka. Ndinkafuna kuti alembedwe giredi wanu chaka chomwecho pa sukulu ya boma ya kwathu kuno, pamene ine ndinakanidwa kawiri chifukwa cha mkono.

Ndinabadwira ku Kanyama, ndipo ndikadali komweko. Agogo anga aamuna anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito yophika, n'chifukwa chake m'nyumba mwathu tinkalankhula Chichewa, tikatuluka panja Chinyanja cha m'komboni. Bambo anga ankaumba mabuloko a simenti m'mbali mwa msewu. Amayi ankaphwanya miyala. Kanyama anakhala pa thanthwe, moti azimayi ankawotcha matayala akutha pamwamba pa mwala kuti ung'ambike, kenako n'kumauswa ndi hamala mpaka usanduke timiyala togulitsa kwa omanga nyumba. Maenje amene ankatsala ankadzaza madzi nthawi ya mvula, ndipo tinkaletsedwa kusewerako.

Sukulu ya boma inali pafupi ndi kwathu. Inali mizere ya makalasi a njerwa zofiira, malata a dzimbiri, mawindo ambiri opanda magalasi. Mpanda wake unali wa waya, ndipo anthu anaubowola mbali ziwiri kuti azidutsa pabwalo popita ku msika. Pakati pa bwalo panali mtengo waukulu, ndipo pa nthambi yake anapachika chitsulo cha tayala la galimoto. Limenelo ndilo linali belu. Likalira tinkalimva tili m'nyumba, ndipo ine ndinkadziwa nthawi yopuma ndi yoweruka ndisanalowepo m'kalasi.

Kulembetsa ana kunkachitika nyengo yotentha, mvula isanayambe, pansi pa mtengo womwewo. Ankatulutsa tebulo, aphunzitsi aamuna achikulire n'kukhala kuseri kwake. Ana ambiri tinabadwira kunyumba ndipo tinalibe pepala losonyeza zaka. Makolo ena ankawonjezera zaka za mwana kuti apeze pomusiya masana iwo ali ku malonda. Malo analinso ochepa. Ndiye aphunzitsi sankafunsa zaka, ankangoti, "Gwira khutu." Mwana amene dzanja lake ladutsa pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo ndiye wakula. Wolephera ankabwerera.

Chaka choyamba ndinapita nditavala diresi la kutchalitchi. Ndinakweza dzanja, zala zinathera patali.

"Ba mai, uyu akali mwana," anatero aphunzitsi aja. "Mukabwele naye chaka chamawa."

"Ali na zaka seveni, ba ticha," amayi anayankha. "Ndine ninamubala."

"Imwe munamubala, manje mkono wakana. Wina abwele!"

Amayi sanali munthu wokangana ndi anthu a pa tebulo. Anandigwira dzanja n'kutembenuka.

Chaka chimenecho anzanga amene tinkasewera nawo waida anavala yunifolomu, ine ndinkakhala ndi amayi ku miyala, kuwatolera zidutswa m'chitini. Mayi wina woyandikana nafe anati ndizilendewera pa nthambi ya mango m'mawa uliwonse kuti mkono utalike. Ndinalendewera mpaka m'manja munatuluka matuza. Nthawi yolembetsa itayandikiranso, amayi anandiyesa kunyumba. Panatsala pang'ono. Anandiyang'ana mutu nthawi yaitali, kenako anati, "Tsitsi ili ndi limene likudya malo." Tsitsi langa linali lambiri ndi lolimba. M'mawa wa tsikulo anandikhazika pa mpando panja, kundipaka sopo, n'kundimeta mpala ndi lezala.

Pa tebulo chala changa chapakati chinakhudza nsonga ya khutu. Ndinamva amayi akupuma kumbuyo kwanga. Koma aphunzitsi anaona kuti ndapendeketsa mutu. Anandigwira chibwano n'kundiwongola, chala chija chinaterereka. Ana a pamzere anaseka, wina anakuwa kuti, "Chimpala!" Tinabwerera kunyumba ndilibe tsitsi, ndilibenso malo. Panjira amayi anandigulira chitumbuwa pa kantemba, iwo osadya.

Chaka chachitatu sanandipititsekonso. Anandilembetsa ku taveni.

Nyumba imeneyo inali yomwera mowa kale, nthawi ya agogo anga, ndipo ngakhale inasanduka sukulu ya anthu a m'komboni, aliyense ankaitchulabe kuti taveni. Inali chipinda chimodzi chachikulu, denga lalitali lopanda siling'i. Kutsogolo kunali kauntala ya simenti ndi kazenera ka zitsulo kamene ankaperekerapo mowa. Aphunzitsi athu, mnyamata amene anamaliza giredi twelofu n'kusowa ntchito, ankaika choko ndi mabuku pa kauntalayo. Khoma limodzi analipaka utoto wakuda kuti likhale bolodi, koma pansi pa utotowo pankaonekabe chithunzi cha dzanja logwira chikho. Kukachita chinyezi pansi pankatuluka fungo la masese. Magiredi awiri ankaphunzira nthawi imodzi, ena kuyang'ana uku, ena uko.

Madesiki munalibe. Mwana aliyense ankabwera ndi buloko yake yokhalapo. Yanga anaumba ndi bambo, ndipo simenti isanaume anandidinditsa chikhatho pamwamba kuti wina asanditengere. Lachisanu tinkasanja mabuloko m'mbali mwa khoma, chifukwa Lamlungu munkapemphera mpingo wina umene unkabwera ndi mabenchi ake. Lolemba m'mawa inali ndewu, aliyense kufunafuna yake. Yanga sinkavuta kupeza.

Mvula ikayamba, madzi ankalowera pakhomo. Akakhala ochepa tinkasanjikiza mabuloko awiriawiri, kukhala awiri pamodzi, miyendo m'mwamba, phunziro n'kumapitirira. Pakhoma panali mzere wakuda wa madzi a zaka zam'mbuyo. Madzi akayandikira mzerewo, aphunzitsi ankavala jombo n'kumatitulutsa mmodzimmodzi, sukulu n'kutsekedwa mpaka kuphwe. M'nyumba imeneyo ndi mmene ndinaphunzira kuwerenga ndi kulemba.

Poyamba palibe ankadziwa kuti ndine wamkulu kuposa anzanga, popeza thupi linali laling'ono. Koma ndili giredi folo ndinakula mwadzidzidzi, ndipo tiana ta m'kalasi tinayamba kunditchula kuti "ba mami". Ndinasamutsira buloko yanga kumbuyo kwenikweni, ndinasiyanso kukweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa. Ndili giredi faifi chifuwa cha amayi chinakula chifukwa cha fumbi la miyala, ine n'kuyamba kuwagwirira ntchito. Sindinabwererenso kusukulu. Mpaka lero ndikaimirira patsogolo pa tebulo, kaya ku kiliniki kaya ku ofesi, mawu amandithawa.

Za kugwira khutu sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga. Iye ndi kondakitala wa minibasi, amachoka kusanache, ndipo anakulira ku Matero kumene analembetsedwa ndi malume ake popanda vuto. Ine chiyambire tsiku la mpala lija sindinapondenso pa sukulu ya boma. Sindinafunse aliyense ngati zinthu zinasintha. Ndinkachita manyazi kufunsa.

Tsiku lolembetsa mwana wanga litafika, ndinamuyesanso m'mawa. Panatsala pang'ono, ngati ine. Mlamu wanga, mchemwali wa mwamuna wanga amene ali ndi saluni, anali atamuluka tsitsi ndi mikanda yofiira ndi yoyera. Ndinamasula mikanda ija n'kuiika m'kapu, ndinadula ndi sizasi, ndinamaliza ndi lezala. Mwana analira kwambiri, ndipo pogwedezeka ndinamucheka pang'ono malo awiri. Mlamu anatulukira ndikusesa tsitsi.

"Mulamu! Mwachita chani? Kuli malilo?"

"Kwapya maningi," ndinayankha monamizira kutentha, maso ali pansi.

"Kupya? Ine ninankhala Sondo yonse pa uyu mutu!"

Ndinamuveka mwana chisote, ndinabereka mwana wanga wakhanda, tinanyamuka.

Sukulu ija sindinaizindikire. Pamene panali waya pali khoma lalitali la mabuloko, geti lachitsulo ndi mlonda. Mtengo uja anadula, pamalo pake pali thanki ya madzi pamwamba pa zitsulo. Makalasi a njerwa zofiira akadalipo, koma anawapaka utoto, ndipo kumbuyo kwake kuli nyumba yosanja. Mlonda ankauza aliyense wolowa kuti malo atsala ochepa, amene sapezeka lero asadzadandaule.

Mzere unali m'khonde. Pa tebulo panali aphunzitsi awiri aakazi, wina wachitsikana amene ankalemba, wina wachikulire wa magalasi. Ndinkasuzumira kuti ndione ana akugwira makutu. Palibe anakweza dzanja. Makolo ankangopereka kadi ya ku sikelo, aphunzitsi n'kuona tsiku lobadwa, basi. Kadi ya mwana wanga inali m'chikwama changa, popeza ndimayenda nayo kulikonse. Ndinayang'ana chisote chija, nkhope yanga inatentha.

Titafika kutsogolo, aphunzitsi achitsikana anaona kadi n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Kenako anati, "Iwe, chosa chisote. Kuno sitivala visote."

Mwana anavula. Mutu unali mbee, ndi timabala tiwiri tija.

"Aa, ba mami, mwana ali na vipele? Vija viyambukila. Muyambe mwayenda ku kiliniki bakamuone, elo mukabwele."

Mawu akuti mukabwere ndinkawadziwa. Ndinadziwanso zimene mlonda ananena. Komabe ndinatenga kadi, ndinagwira mwana dzanja n'kutembenuka. Nditaponda kamodzi ndinaona kuti ndamugwira pamkono pomwe amayi ankandigwira ine, ndipo bambo wina amene anali kumbuyo kwanga anali atayamba kale kusendera pa tebulo. Ndinatembenukanso n'kubwerera kwa aphunzitsi aja.

"Sadwala," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono.

"Mwati bwanji?"

"Sadwala. Ndine namugela lelo kuseni. Kuti afike pa khutu."

"Afike kuti?"

Ndinakweza dzanja langa, khanda lili kumbuyo, ndinalidutsitsa pamwamba pa duku n'kugwira khutu, anthu onse akuona.

Aphunzitsi achikulire aja anayamba kuseka mpaka anavula magalasi. "Mayo ine! Va kudala, va kalekale!" Anagwira mnzawo paphewa. "Iwe sunavipeze ivi. Ise ndiye mwamene benze kutilembela. Ukakangiwa kugwila khutu, kunyumba!"

"Ine ninakangiwa katatu," anatero mayi wina pamzere. "Ninayamba giledi wanu na mabele."

Bambo amene anali kumbuyo kwanga, wa dazi ndi mimba yaikulu, anayesa nayenso. "Ine nafika, nilembeni!"

"Imwe mulibe sisi, mwachita chinyengo," mayi uja anawayankha, khonde lonse n'kuseka.

Ine ndinangoima, dzanja nditatsitsa, osadziwa ngati akuseka ine kapena ayi. Aphunzitsi achikulire anaitana mwana wanga, anavalanso magalasi, n'kumuyang'ana mutu wonse, kutsogolo ndi kumbuyo kwa makutu, akupapasa ndi zala.

"Mutu uli chabe bwino uyu. Ni lezala iyi. Lemba."

Pamene dzina lake linkalembedwa, mwana wanga anakweza dzanja yekha kuti awaonetse. Ngakhale ndi mpala, zala sizinafike.

"Tsitsa, mami," anatero aphunzitsi aja. "Tizakuona mu Januwale."

Pobwerera tinadzera ku taveni. Panopa ndi shopu ya simenti, malata ndi misomali. Sukulu ija inasamukira ku tchalitchi china, ndipo ndinamva kuti mabuloko athu anamangira kakhoma ka pakhomo kuti madzi asamalowe. Ndinayang'ana ngati ndingaone chikhatho changa, koma anapaka pulasitala. Ndinamugulira mwana chitumbuwa pa kantemba ka pafupi. Anadya, koma sanandilankhule mpaka madzulo.

Mlamu atamva nkhani yonse anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anati tsiku lina ndizifunsa. Mikanda ija anaitenga m'kapu n'kukasunga ku saluni. Mwana anayamba sukulu mu Januwale ndi katsitsi kakafupi, ndipo pofika Pasaka kanali kokwanira kuluka.

Khutu analigwira ali giredi thuu. Ndinali kuchapa panja, iye anabwera akuthamanga, yunifolomu asanavule, dzanja lili pamutu, khutu walitsina ndi zala ziwiri. Ndinamuwongola chibwano ndi dzanja la thovu kuti ndione bwino. Zala sizinaterereke. Ndinamuuza kuti akavule yunifolomu ndichape.