Gulu la Pafoni la Anthu Ofuna Kukhala Abwino

Gululi ndinaliyambitsa ndine, ndipo ndisabise, ndinkafuna anthu azindiona ngati mayi wozama m'zauzimu. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa pulaimale ina kufupi ndi Manjawira, ndipo ndinali nditangogula foni ya tachi. Ndinalowetsamo anzanga a kwaya, aphunzitsi awiri, msuweni wanga wolima mpunga ku Bwanje, ndi malume anga a ku Kasinje, amene anali mkulu wa mpingo. Ndinalengeza kuti Lolemba lililonse ndiziponya funso la moyo wachikhristu, aliyense aziyankha mofatsa. Miseche ayi.

Funso loyamba linali lakuti: kodi ndi tchimo kuuza mlendo kuti wachita bwino kubwera, pamene mumtima ukufuna atanyamuka? Mayi wina wa kwaya anayankha kuti Amen. Msuweni wanga anaponya chithunzi cha matumba a mpunga n'kulemba kuti wofuna aimbe. Ena onse anawerenga n'kukhala chete.

Malume okha ndiwo anaitenga nkhaniyo ndi mtima wonse, ndipo vuto linali pomwepo. Iwo sankalemba, ankajambula mawu. Ankayamba ndi pemphero, kenako kutsokomola, kenako nkhani za ku migodi ya ku Joni kumene anagwira ntchito asanakwatire, tambala akulira kumbuyo. Pofika pa funso lenilenilo, bandulo yako inkakhala itatha.

Sabata ina ndinafunsa za kusunga lilime. Malume anatumiza mawu anayi motsatizana. Pa buleki, manja ali mbuu ndi choko, ndinalembera mng'ono wanga kuti, "Malume ako ayambanso. Ndikhulupirira ngakhale Mulungu akamawamvera amadumphitsa." Ndinatumiza n'kubwerera m'kalasi. Poweruka ndinapeza kuti uthengawo sunapite kwa mng'ono wanga. Unali m'gulu, pansi penipeni pa funso langa la lilime, ndipo mayi wa kwaya uja anali atayankhapo kale kuti Amen.

Masiku atatu gulu linali zii. Loweruka ndinakwera minibasi, kenako kabaza, mpaka ku Kasinje. Ndinawapeza malume akutong'ola chimanga pakhonde ndi azakhali, akazi awo. Ndinakhala pansi n'kupereka moni.

"Wabwera ndi uthenga wanji wochokera kumwamba?" anandifunsa malume. "Paja iwe ndi Mulungu mumauzana za mapemphero anga."

"Malume, ndalakwa. Mundikhululukire."

"Wanama kapena wanena zoona?"

Ndinayang'ana zitsononkho. Azakhali anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Malume anandiuza kuti maso awo anayamba kufooka kalekale, moti zilembo za pafoni amaziona ngati nyerere. N'chifukwa chake ankajambula mawu. Zimenezo ine sindinkadziwa, ndipo manyazi anandigwira kuposa poyamba. "Azakhali akowa ndiwo anandiwerengera," anatero. "Kawiri. Koyamba analephera kumaliza ndi phwete."

"Zaka zonsezi ndimangofuna wina awauze," anatero azakhali, akupukuta misozi ndi chitenje.

Pofuna kuwapepesa ndinati ndiwaika kukhala adimini wa gulu limodzi nane. Anafunsa kuti adimini amatani. Ndinati amalowetsa anthu, amathanso kuchotsa.

"Tawaonetsa azakhali ako pochotserapo."

Ndinawaonetsa, n'kudya nawo mtedza wokazinga, n'kutsanzika mtima uli m'malo. Ndisanafike n'komwe pamsewu, foni inalira. Ndinali nditachotsedwa m'gulu langa lomwe.

Ndinakhala kunja sabata ziwiri. Msuweni wanga ndiye ankandiimbira kundiuza zochitika. Malume anali ataponya funso lawo: munthu wolakwa amene wapepesa abwezedwe liti? Kwa nthawi yoyamba aliyense anayankha. Aphunzitsi anakangana mpaka kutumizirana mavesi. Mayi wa kwaya analemba ndime yathunthu yonena kuti kukhululuka msanga kumalemekeza tchimo. Msuweni wangayo anandiululira yekha mopanda manyazi kuti iye ananena kuti ndikhale kunja mpaka mpunga utakololedwa.

Atandibwezamo ndinapeza anthu awonjezekera, ena oti sindinawaonepo. Mpando wofunsa mafunso sunabwererenso kwa ine. Malume anaugwira mpaka pamene anamwalira, ndipo ine ndinkayankha Lolemba ngati wina aliyense, nditayamba ndaonetsetsa kawiri kumene uthenga ukupita.