Khasu la Pakhomo pa Amayi

Ntchito yanga ku London ndi yoyendera mitengo. Khonsolo imandilipira kuti ndizizungulira m'misewu ya ku Edmonton, kugogoda makungwa, kuyang'ana nthambi zofumbwa, ndi kumvera madandaulo a anthu amene masamba awagwera pagalimoto. Mayi wina anandiimika pamphepo kufuna kuti tidule mtengo wathunthu chifukwa mbalame zimamudetsera mawindo. Ndinamumwetulira monga anatiphunzitsira, koma mumtima ndinali nditamutukwana kale. Madzulo ndimakwera basi kubwerera kuchipinda changa ku Tottenham, kumene ndikatsegula mpopi madzi amatuluka osandifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Kwathu sizili choncho. Mudzi wathu uli m'munsi mwa phiri, ndipo madzi amatsika m'mapaipi kuchokera pakasupe amene ali mkati mwa nkhalango ya boma. Boma linatilola kumwa madziwo pa pangano limodzi: chaka chilichonse udzu ukayamba kuuma, khomo lililonse litumize munthu mmodzi ndi khasu kukalambula njira yotchinga moto kuzungulira kasupeyo. Khomo limene khasu lake silinakwere phiri, ndowa yake siima pampopi chaka chimenecho. A komiti ya madzi ndalama salandira, waganyu samuwerengera. Amati ukalola ganyu, olemera azimwa ali khale, osauka n'kumathyoka misana. Pamafunika munthu wa pakhomo pomwepo.

Bambo atamwalira, ine ndili kuno kusukulu, khasu la pakhomo pa amayi ankanyamula ndi msuweni wanga, mwana wa amalume amene anakulira kwathu. Zinasokonekera chaka cha zisankho. Wina wofuna ukhansala analonjeza kutsegula mbali ya nkhalango kuti anthu alimemo ndi kuotcha makala. Mnzake analonjeza kuti achinyamata onse adzalembedwa ulonda wa nkhalango, wa malipiro ndi nsapato zajombo. Msuweni wanga anamuimbira wachiwiriyu nyimbo mpaka kusasa mawu. Munthuyo anapambanadi, koma ntchito zinabwera zowerengeka ndipo zinagwera ana a akuluakulu a chipani. Msuweniyo anaponya khasu pansi, nati akalambule ovala jombo, n'kukwera basi ya ku Joni. Lamulo la komiti linatsala mmene linalili.

Amayi mawondo anawatha kalekale. Phiri sangakwere, ndipo kupanda mpopi madzi ena ali kudambo, kutali, kumene kumamwa ng'ombe. Ine kubwerera sindikanatha, chifukwa pasipoti yanga inali ku ofesi kudikira chilolezo chatsopano chokhalira kuno. Ndinaimbira wapampando wa komiti ndili pakati pa paki, ndipo ulemu unandithawa. Ndinamufunsa ngati akufuna mayi wokalamba afere kudambo. Anandisiya ndikalipe mpaka nditatopa.

"Achemwali," anatero, "timamva kuti mumasamala mitengo ya azungu. Kunonso mitengo iliko. Bwerani."

Ndinadula foni. Chinandipweteka n'chakuti munthuyo sananame.

Nkhaniyi ndinalibe woiuza. Anzanga a kuntchito ndi anthu abwino, koma ukawafotokozera za mpopi wa mudzi wonse nkhope zawo zimasanduka za pamaliro, ndiye umangosintha nkhani. Ndinayesa kutchalitchi, kwa mayi wina wachikulire wobadwira pafamu ku Zimbabwe, amene makolo ake anachokera kwathu konkuja.

"Mwanangu, just send something," anandiuza akupinda nsalu za paguwa. "Ma committee onse amadya. Osadandaula too much."

Ndinati zikomo amayi, n'kutuluka. Ndinayenda wapansi msewu wonse, kudutsa magolosale onunkhira nsomba zouma, ndipo sindinamvepo kusungulumwa ngati tsiku limenelo. Mzinda wodzaza anthu chonchi, koma wopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti kuli komiti ina imene sidya.

Amayi sanadikire nzeru zanga. Kumapeto kwa mudzi kunkakhala mayi wina wa msinkhu wanga, wobwera, amene mwamuna anamuthawa n'kumusiyira ana. Iye pampopi sankaloledwa, poti khomo lake kunalibe nthawi imene anthu ankakumba ngalande za mapaipi. Ankatunga kudambo. Amayi anamugwira dzanja, kupita naye kwa a komiti, n'kunena pamaso pa onse kuti uyu ndi mwana wanga. A komiti anati mwana wa munthu amagona pakhomo pa amake. Amayi anati chipinda chilipo. Chinali chipinda changa.

Anandiuza zitatha kale. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe," anatero, "ndipo khasu amaligwira kuposa iwe." Ankaseka, inenso ndinaseka. Mtima unakhaladi pansi podziwa kuti amayi amwa madzi oyera. Koma nsanje inandigwira, ya chibwana, yochititsa manyazi. Ndikaimba foni ndinkamva mawu a ana osawadziwa akuti agogo, agogo, ndipo ndinkafunitsitsa kudziwa ngati mabuku anga anawachotsa pawindo. Sindinafunse.

Chaka chotsatira pasipoti inabwera. Ndinapempha tchuthi mochenjera kuti chigwere nthawi yolambula. Ndinagula ngakhale magolovesi olimba kumsika wa ku Woolwich, ine mwana wa mlimi, kuopa matuza. Ndinkadziona ndikukwera phiri khasu paphewa, ndikumudutsa wapampando uja osamupatsa moni. Lamlungu masana nditachoka kutchalitchi ndinakhala pabedi n'kuimba.

"Amayi, chaka chino ndikubwera. Kuphiri ndikwera ndine."

Ndinamva akusuntha, chitseko chikutsekedwa, mawu a ana aja n'kuzilala.

"Iwe, tamvera," anatero motsitsa mawu. "Khomo limatumiza khasu limodzi. Ukakwera iwe, anthu anena kuti mwana weniweni wabwera, ndiye uyu ndi ndani? Alipo ena a chipani akungodikira mpata kuti amuchotse pampopi. Iwe tchuthi chikatha ubwerera ku London. Iyeyu ndi anawa abwerere kudambo? Nanga ine chaka chamawa?"

"Koma mwana wanu ndine, amayi."

"Ndikudziwa, ndinakubereka ndekha. Bwera udzandione, ndakusowa kwambiri. Udzagona kwa azakhali ako, akonza kale chipinda cha alendo. Koma khasu usadzaligwire."

Ndinati chabwino amayi. Ndinafunsanso zimene ndiwatengere, ndipo anati mafuta opaka m'mawondo, ndi nsapato za mchemwali wako zokwerera phiri, phazi lake ndi lalikulu pang'ono kuposa lako.