Mbewu ya Nkhono ya Achimwene a Argyris

Achimwene anga a Argyris akhala akulima m'nyanja zaka makumi anayi ndi zisanu. Kwathu ku Chalastra timati kulima ndithu, ngakhale khasu palibe. Munda wake ndi zingwe zolendewera m'madzi, ndipo pazingwepo pamakula midya, nkhono zakuda zija anthu a ku Thessaloniki amadyera mpunga. Ine Stavroula, mlongo wawo wamng'ono, ntchito yanga ndi kulongedza tiana ta nkhonozo m'masokosi a ukonde kuti tikakulire mmenemo.

Munthu wamakani ngati ameneyu sindinamuonepo. Anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zitatu n'kukwera boti la bambo athu, ndipo chiyambire palibe anawauzapo kanthu iwo n'kumva. Akazi awo anapirira zaka zisanu ndi ziwiri, kenako anamanga katundu. Chonyadira chawo chinali mbewu. Anzawo akasowa tiana amakagula kwina, koma iwo sanaguleko ndi kamodzi komwe. Chaka ndi chaka ankatchera zingwe zakale zaubweya pamalo osaya pomwe bambo ankatchera, tiana n'kumamatirapo tokha. Tianato tikafa, chaka chamawa munda kulibe.

Kale nyanja inkatentha sabata imodzi kapena ziwiri, kenako Vardaris, mphepo ya kumpoto, inkabwera kudzaiziziritsa. Chaka chino ndinapisa mkono m'madzi Juni asanathe, ndipo ndinauchotsa msanga. Anali ofunda ngati madzi oti wina wasambamo kale.

Mwamuna wanga Pantelis, amenenso ali ndi zingwe zake, anafika ndi kachipangizo koyezera kutentha.

"Alamu, madigiri 28 awa. Ine mawa ndikukolola, mbewu ndikusamutsira kozama. M'botimu malo alimo."

"Ukolole chiyani, zigoba?" anatero achimwene. "Nyama yake ikadali ngati chikhadabo! Ine ndimakolola pa chikondwerero cha Amayi Maria, pakati pa Ogasiti, monga ankachitira bambo."

"Bambo anuwo ankalima m'nyanja ina, alamu."

"Kachinthu kakoko kaike kukhwapa, mwina watentha thupi ndiwe."

Ndinalowererapo. "Achimwene, zikuluzikuluzo zisiyeni ngati mwafuna, koma tiana tokha tisamutse."

"Iwe Stavroula, mbewu ukaigwiragwira m'chilimwe imathothoka, sukudziwa? Vardaris sinaphonyepo." Ananyowetsa chala ndi malovu, n'kuchiloza kumwamba, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinafuna kuwakankhira m'madzi.

Mphepo sinabwere. Julaye yense nyanja inangoti zii, pamwamba patayandama nsanza za mamina achikasu. Madzi akatentha chonchi mpweya umathamo, ndipo nkhono singathawe, imangobanika pomwe yamatirira. Fungo linafika mpaka kumudzi. Tinaleka kuyanika zovala panja, ngakhale buledi ankamveka zowola. Chomwe chinandinyansa kuposa fungolo ndi msuweni wathu wa mutauni, amene anabwera kokasamba n'kutiuza akumwetulira kuti chaka chino madzi akukoma.

Achimwene milungu itatu sanakwezeko chingwe. Ankangozungulira mundawo ndi boti, n'kubwerako. Ankadziwa, sanali chitsiru ayi. Ankaopa kuona.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chikondwerero chifike, anandiitana m'mawa kuti tikakolole. Chingwe choyamba chinatuluka mopepuka moti makina okokera zingwe sanalire n'komwe. Zigoba zonse zinali yasa, nyama yotuwa ikuchucha ngati mafinya, ikugwera pa nsapato zathu. Ntchentche zinatipeza pakati pa nyanja, sindikudziwa kuti zinachokera kuti. Ndinamanga mpango pamphuno koma sizinathandize. Chachiwiri chimodzimodzi, chakhumi chimodzimodzi.

"Zikuluzikulu zimafa msanga," anatero achimwene osandiyang'ana. "Tiana n'tolimba."

Tinapita pamalo osaya paja. Chingwe cha mbewu anachikoka okha ndi manja, pang'onopang'ono. Chinatuluka chakuda bii, tiana titadzaza, ndipo mtima wanga unadumpha. Anafumbata pang'ono n'kufinya. Tianato tinangoti phwa, kuphwanyika m'manja mwawo, mkati mulibe kanthu. Anayesa pakati, anayesa kumapeto kwenikweni. Kenako ananunkhiza dzanja lawo, n'kuwerama m'mbali mwa boti, n'kusanza.

Ndinali nditasunga mawu ambiri kuyambira Juni uja, owawa okhaokha. Nditaona msana wawo ukugwedezeka, malaya atamatirira ndi thukuta, mawuwo ndinawameza. Ndinawapatsa botolo la madzi, anachukucha m'kamwa n'kukhala pansi pa zigoba zonyansa zomwezo.

"Mbewu ya Pantelis ija," anatero, "imene anapititsa kozama. Yapulumuka?"

"Theka."

Anagwedeza mutu, akupukuta dzanja pa buluku.

"Usakamuuze kuti ndafunsa."