Ndinavomera Alamu Asanalole

Ine ndimasunga pepala lililonse. M'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi muli chikalata cha ukwati wathu, makadi a sikelo a ana amene tsopano ali ndi ana awo, ngakhale malisiti a katemera wa ng'ombe zimene zinafa kalekale. Koma chaka chimene korona inagwira amayi akunyumba, ndinapeza kuti m'bokosimo mulibe pepala lopatsa mwamuna mawu pa thupi la mkazi wake. Kwathu kum'mawa, mkazi akadwala kwambiri, mwini wake ndi mlongo wake. Iwe wokwatira, ntchito yako ndi kudziwitsa eni ake n'kudikira.

Tinawanyamula kuchoka kuno ku Palabana akupuma ngati athamangitsidwa. Kuchipatala ku Lusaka anawalowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ife n'kutibweza pageti, ati azitiimbira foni.

Masana ena ndili kukhola, foni inalira. Anali dokotala, mayi wa mawu otopa.

"Ba tate, impso za amayi zaleka kusebenza. Mkodzo sutuluka, zoipa zadzala m'magazi. Tifuna kuwaika pa makina."

Ndinafunsa kuti makina atinso, popeza anali kale pa makina opumira. Anandifotokozera mosathamanga: kapaipi pakhosi, magazi atuluke, asefedwe, abwerere m'thupi, pang'onopang'ono usana ndi usiku chifukwa mtima wafooka. Ine ndasefa mkaka moyo wanga wonse, ndinamva. Anati sakundilonjeza kanthu. Anatinso makinawo angomasuka kumene, ndipo pali odwala ena owafuna.

"Nifuna yankho lanu lero, ba tate."

Ndinachita monga mwa mwambo. Ndinaimbira alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amayiwa, kumudzi.

"Magazi atuluke? Apite kuti?"

"Abwerera, alamu."

"Mukawaona ndi maso anu akubwerera onse? Vuto lanu inu, chilichonse chonenedwa ndi wovala zoyera mumati ameni. Mlongo wanga si ng'ombe yanu. Dikirani tikhale pansi ndi amalume."

"Amalumewo ali kuti?"

"Apita kumaliro kutsidya. Abwera mawa, kapena mkuja."

Mkuja! Amalume amenewa makutu anagontha, foni yawo imagwira pachulu pokha, ndipo mwana wa mlongo wawoyo anamuona komaliza tikubatiza mwana wathu wachisamba. Ndinafotokozanso zonse kuyambira pachiyambi, mwadongosolo, monga anandiuzira dokotala. Alamu anangoti, "Takumvani," mawu amene kwathu amatanthauza kuti sitinamve ndipo sitidzamva.

Ndinakhala pa chidebe chokamira mkaka. Ndinkadziwa bwino chimene chikundidikira. Ndikavomera amayiwa n'kumwalira, pamaliro adzandikhazika pakati, adzati mkamwini anagulitsa magazi a mbumba ya eni, ana anga akumva. Ndikadikira amalume, makina apita kwa wina, ndipo pamaliro omwewo adzandiyamika kuti ndine munthu waulemu.

Ndinaimbira dokotala uja.

"Aikeni."

"Mwagwirizana ndi a banja?"

"Lembani dzina langa. Ndipo pepala limene mulembepo, nifuna langa lofanana nalo."

Anaseka pang'ono, koma analonjeza.

Alamu ndinawauza tsiku lomwelo, sindine munthu wochita zinthu kumbali. Anangoti, "Zikavuta, mudzatilozera kumene mwapereka magazi a mlongo wathu," n'kudula foni. Kuchokera pamenepo akuchikazi onse anasiya kundiyankha. Ngakhale mng'ono wawo wa amayiwa, wokhala ku Silverest pompa, amene ndinamulera m'nyumba muno, ankafunsa za matendawo kudzera kwa ana anga ngati ine ndinafa.

Masiku anapita ambiri, foni iliyonse ikundidula mtima. Kenaka m'mawa wina namwino anaimba, mawu ali m'mwamba, akundiitana monga amaitanira agogo kuno.

"Ba shikulu, akodza! Pang'ono chabe, koma akodza okha!"

Sindinaganizepo kuti pa ukalamba wanga ndidzavula chipewa m'khola chifukwa cha mkodzo.

Amayiwa anabwera kunyumba ataonda ngati bango, pakhosi pali chipsera. Patapita milungu, alamu anatulukira ndi nkhuku kukhwapa. Anakhala pampando wanga, n'kuyamba kuuza alendo ochokera kutchalitchi kuti, "Zinali zovuta, koma tinakhala pansi monga banja, tinalola."

Tinalola! Ndinaimirira kuti ndikatsegule bokosi. Amayiwa, ali chigonere pamphasa, anandigwira mwendo wa buluku.

"Khalani pansi, atate. Mufuna nidwalenso?"

"Koma akunama poyera!"

"Nidziwa amene anavomera. Alekeni, abwera kutali."

Ndinakhala. Nkhukuyo ndinapha ndine, ndipo alamu anadya nthutumba. Pepala lija lili pamwamba penipeni m'bokosi, ndipo mpaka lero palibe wakuchikazi amene wapempha kuliona.