Gwirani Khutu Lanu, Bwana

Inu amene mwakhala pansi chifukwa thupi lakukanani ntchito, senderani kuno mumve za a Lumo.

A Lumo anameta anthu zaka makumi atatu osakanda munthu olo mmodzi. Kenako sitiroko inawagwetsa. Kale tinkati ndi matenda a nkhalamba, koma masiku ano ikugwira ndi anthu oti mano akadali onse m'kamwa. Iwo inawafoola dzanja lamanzere. Anthu amvekere, "Mwayi, lometera latsala." Sankadziwa kuti lamanzerelo ndi limene limapinda khutu kuti lumo lidutse bwino.

Tsiku loyamba kubwerera ku shopu, anatema khutu la mkulu wina woyendetsa basi. Magazi chuu, pakolala, pansalu, mpaka pansi. A Lumo anatseka chitseko, osatsegulanso. Akangomva makina ometera akulira kwa anzawo, ankakhotera njira ina.

Mwana wawo wamkazi anaimba foni kuchokera kutali kumene amagwira ntchito. "Ababa, mwezi ukatha ndikubwera kudzakutengani. Shopuyo tipatse ena."

Nyumba ya mwanayo a Lumo ankaidziwa: yosanja, onse amachoka m'mawa n'kukhomera kunja. Munthu umatsala ndi wotchi yapakhoma basi. Lumo ankaliopa, nyumbayo ankaiopanso.

Ndiye kunabwera mayi wina wa kuchipatala, wa aja amaphunzitsa odwala kugwiranso ntchito zawo. Dokotala wanji wopanda jakisoni! A Lumo anayesa awapatsa kampira kofinya.

"Ine sindinabwerere dzanja lokha, bambo," anatero mayiyo. "Ndabwerera kumeta. Tsegulani shopu."

Anatsitsa mpando, n'kukulunga chipeso ndi mphira kuti dzanja lofookalo lizichigwira. Kenako anapopa baluni, n'kulipaka sopo. "Kasitomala wanu uyu."

Phuu! Linaphulika. A Lumo anaika lumo pansi.

"Wafa mmodzi," anatero mayiyo. "Maliro mawa. Wina alowe!"

Mabaluni anafa ambiri, abale, masabata atatu athunthu. Kenako anasiya kufa. Koma zala zamanzere zinakanabe kupinda chinthu.

"Baluni lilibe khutu," anadandaula a Lumo. "La munthu ndipinda bwanji?"

"Kodi mwini khutuyo alibe manja?"

Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, mayiyo analowa ndi munthu. A Lumo kuti ayang'ane, ndi wa basi uja, chipsera chili pakhutu.

"Achimwene, munandisiya ndi khutu limodzi lokongola," anatero wa basi akukhala pampando. "Ndabwera mudzawafananize."

A Lumo sanaseke. Anayendetsa makina pamutu, zinatheka. Anatenga lumo, anafika pakhutu paja, anaima. Chipsera chija chinkachita ngati chikuwayang'ana. Anayang'ana chitseko, anayang'ana mayi uja. Iye anangoima duu, manja kumbuyo.

"Gwirani khutu lanu, bwana," anatero a Lumo.

Wa basi analigwira ndi manja onse awiri, maso atatsinzina. Lumo linatsika pang'onopang'ono, linazungulira, linatuluka. Pansalu panagwa tsitsi lokhalokha.

Mwana uja atafika ndi sutikesi yolongedzera bambo ake, anapeza amuna atatu pabenchi akudikira kumetedwa, aliyense atagwiriratu khutu lake. Anaseka mpaka misozi. Sutikesiyo inabwerera yopanda kanthu.

Musayese mantha anatheratu ayi. Mpaka lero a Lumo amayamba apuma kawiri asanafike pakhutu. Koma amafika.

Ndiye inu, musataye mtima. Dzanja likakana, si kuti ntchito yonse yakana. Tsegulani chitseko, yambani ndi baluni, ndipo pamene dzanja lanu silifika, uzani mwini khutu aligwire yekha.